Nkhondo ya Pachimake Ikamazizira Patebulo: Zimene Wotsogolera Masewera Angachite

Aliyense amene anatsogolerapo masewera a nthano a patebulo, monga Dungeons & Dragons, momwe wotsogolera amakamba nthano ndi kuyendetsa adani, osewera ena onse aliyense amayendetsa munthu wake wa m'nthanomo (mtengambali), ndipo madayisi amagamula zotsatira, amalidziwa vuto ili ngakhale kuti mwina sanalipatsepo dzina. Gulu lakhala likukumana kwa miyezi, osewera amuda mdani wamkulu mpaka kumamulota, tsiku lokumana naye lafika, koma madayisi atangoponyedwa kangapo, tebulo lonse limazizira ngati mkute. Wina watulutsa foni, wina akufunsa ngati mpata wake wafika, ndipo mawu okhawo amene akumveka ndi a manambala: ndapeza 17, ndamulasa, chotsani 9. Mdaniyo akagwa palibe amene akudumpha pampando, anthu akungosonkhanitsa mapepala awo n'kumafunsana ngati kabaza akadalipo pamsewu.

Zimenezi zandichitikirapo kangapo pagulu lathu la anthu asanu ndi mmodzi, limene limakumana Loweruka masana pakhonde la nyumba ina kuno ku Kasungu, ndipo ulendo woyamba ndinaganiza kuti chimene chinasowa ndi zokometsera. Ndinabwereka sipika, ndinagula makandulo, ndinalemba mawu aatali oti mdani adzalankhule, koma nkhondo yotsatira inazizira chimodzimodzi, ndipo zinandipweteka chifukwa ndinkaona kuti anzanga ataya Loweruka lawo. Pang'onopang'ono ndinazindikira kuti nyimbo ndi kuwala zili ngati mchere, umene umakometsa ndiwo zimene zili kale mumphika koma sungalowe m'malo mwa ndiwozo. Ndiwo za nkhondo ya pachimake ndi chinthu chimene osewera akuopa kutaya, pamodzi ndi zosankha zowawa zimene akukakamizika kupanga kuti asachitaye. N'chifukwa chake ndiyambira pa kayendedwe ka nkhondoyo, ndipo za sipika ndi nyale ndizifika kumapeto.

Musanasinthe chilichonse, pezani kaye pamene pakudwala, chifukwa nkhondo imazizira m'njira zosiyanasiyana ndipo mankhwala a njira ina amakulitsa inzake. Pankhondo yotsatira, lembani pambali maraundi amene yatenga (raundi imatha aliyense akachita mpata wake), yesani ndi wotchi ya pafoni mphindi zimene raundi imodzi ikudya, ndipo muonetsetse ngati pali wosewera amene wachita chinthu chosiyana ndi chimene anachita raundi yapitayo. Zinthu zitatu zimenezi zimakuuzani zambiri kuposa kufunsa anzanu kuti zinali bwanji, popeza anthu a kwathu kuno, chifukwa cha ulemu, adzakuyankhani kuti zinali bwino.

Mdani akugwa asanaonetse mano

Ngati mdani wamkulu wafa m'maraundi awiri, vuto silikhala kuchepa kwa mphamvu zake ayi, koma kuchepa kwa mipata yake. Osewera asanu ali ndi mipata isanu pa raundi iliyonse, pamene mdani amene waima yekha ali ndi umodzi, ndipo akaphonya pampata umenewo kapena akamangidwa ndi matsenga, raundi yonse yamudutsa. Ambiri akaona zimenezi amangomuwonjezera mapointi a moyo, amene amachotsedwa akalasidwa mpaka atagwa pa 0, koma kutero kumangosandutsa nkhondo yaifupi yosakoma kukhala nkhondo yaitali yosakoma.

Amene analemba malamulo a Dungeons & Dragons a mu 2014 anali atalizindikira vutoli, ndipo zilombo zina zikuluzikulu anazipatsa zida zitatu zimene wotsogolera angathe kubwerekera mdani wake aliyense. Choyamba ndi zimene amazitcha legendary actions, zimene kawirikawiri zimakhala zitatu pa raundi: mdani amachita kanthu kakang'ono wosewera wina akangomaliza mpata wake, monga kusuntha, kukantha kamodzi kapena kukankha munthu, ndipo amazipezanso zonse mpata wake ukafika. Chachiwiri ndi legendary resistance, chimene chimamulola, kawirikawiri katatu patsiku, kusandutsa kulephera kwake pa saving throw (dayisi imene amaponya pofuna kupewa tsenga kapena ngozi) kukhala kupambana, kuti tsenga limodzi lisathetse nkhani yonse. Chachitatu ndi lair actions, pamene malo enieniwo amamenyera mwini wake nkhondo pa nambala 20 ya mndandanda wa initiative, umene umaonetsa amene ayambe ndi amene atsatire. Phindu la zida zimenezi si kuvulaza kwambiri, koma kuti mdani amamveka alipo nthawi zonse, ndipo wosewera aliyense amadziwa kuti akamaliza kuchita zake, pabwera yankho.

Chenjezo langa ndi lakuti legendary resistance ikagwiritsidwa ntchito mwakachetechete imawawitsa mtima, chifukwa wamatsenga wataya tsenga lake lamphamvu popanda chooneka. Ipatseni thupi. Mdani avale mikanda itatu yowala pakhosi, ndipo akakana tsenga, mkanda umodzi uphulike pamaso pa onse. Osewera akaona kuti watsala umodzi, amayamba kupangana okha za amene aphulitse womalizawo, ndipo chimene chinali chokhumudwitsa chimasanduka cholinga.

Komanso mdani asaime yekha. Malamulo a masewera omwewa a mu 2008 anali ndi asilikali ang'onoang'ono a pointi imodzi yokha ya moyo, amene amagwa akangolasidwa kamodzi koma amavulaza ndithu akasiyidwa, ndipo nzeru imeneyi imagwira ntchito m'malamulo alionse. Asilikali otere safuna kuwerengera, zitsekerero za mabotolo zimawaimira bwino pamapu, ndipo amakakamiza gulu kugawikana m'malo mounjikana pa munthu mmodzi.

Nkhondo ikutalika ndipo anthu akutopa ndi kudikira

Vuto ili ndi la masamu. Raundi imodzi imaimira masekondi 6 okha m'nthanomo, koma ngati osewera asanu atenga mphindi 2 aliyense ndipo wotsogolera atenga mphindi 5 kuyendetsa adani, raundiyo yadya mphindi 15, ndipo wosewera aliyense wakhala mphindi 13 akungoonerera. Palibe ng'oma imene ingagwire mtima wa munthu amene wadikira chotero kuti aponye dayisi kamodzi, mwina n'kuphonya.

Zochita pano n'zing'onozing'ono koma zikaphatikizana zimadula nthawi kwambiri. Mndandanda wa mipata ukhale poonekera; ife timapanira timapepala ta mayina pachingwe ndi mapegi a zovala, ndipo ndikaitana wina ndimatchulanso wotsatira kuti ayambiretu kuganiza. Dayisi yolasira ndi madayisi a kuvulaza aponyedwe pamodzi. Kwa adani wamba, gwiritsani ntchito nambala yapakatikati imene imalembedwa kale pafupi ndi madayisi a chilombo chilichonse, m'malo moponya ndi kuwonkhetsa. Mkangano wa malamulo ukabuka, gamulani pomwepo mokomera wosewera ngati zili zokayikitsa, ndipo buku lidzatsegulidwe nkhondo itatha. Musanafike patebulo, lembani pakapepala zimene mdani adzachite m'maraundi atatu oyamba, chifukwa wotsogolera amene akusanthula mapepala ndiye amaziziritsa nkhondo kuposa wina aliyense.

Ndipo zikaonekeratu kuti ndani wapambana, nkhondo ithe. Mtsogoleri wawo akagwa, asilikali otsala athawe kapena aponye zida pansi, popeza kusaka msilikali womaliza kwa mphindi 20 kumafafaniza chisangalalo chonse chimene kugwa kwa mdani kunabweretsa.

Aliyense akungochita chomwecho raundi iliyonse

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikhalapo nthawi. Ngati cholinga chokhacho ndi kutsitsa mapointi a mdani mpaka 0, ndiye kuti wosewera aliyense ali ndi yankho limodzi lolondola, limene ndi kugwiritsa ntchito chida chake champhamvu kwambiri mobwerezabwereza, ndipo munthu amene ali ndi yankho limodzi sakusankha kanthu, akungowerengera. Imfa ya mtengambali payokha siopsezanso mokwanira, makamaka gulu likakhala ndi wochiritsa, chifukwa osewera odziwa malamulo amadziwa kuti mnzawo akagwa angathe kumudzutsa ndi tsenga laling'ono. Chofunika ndi chinthu chachiwiri chimene lupanga silingachiteteze, ndipo chikhale chikutha pamaso pawo.

Ndipereke chitsanzo cha nkhondo imene ndinakonzera gulu lathu. Mdani anali nduna imene inalanda ufumu n'kudzitsekera m'linga pamwamba pa phiri, ndipo polikonza ndinkaona m'maganizo phiri la Kasungu, momwe limaimira lokha pakati pa chigwa moti aliyense wokwera amaonekera patali. Osewera atathyola chipata anapeza zinthu ziwiri zikuchitika nthawi imodzi. Kumadzulo kwa bwalo, akapolo anali atatsekeredwa m'nyumba ya udzu imene asilikali anali ataiyatsa kale denga, ndipo pakati pawo panali mchemwali wa mtengambali wina, amene mwini wake anamulemba yekha m'mbiri yake tsiku loyamba la masewera athu. Kum'mawa, nduna inali kubwerera cham'mbuyo kulowera ku ulalo wa mitengo wodutsa phompho, itanyamula ndodo ya ufumu, ndipo onse ankadziwa kuti ikawoloka idzagwetsa ulalowo. Pakati pa tebulo ndinaika njere za bawo 6, ndipo ndinanena poyera kuti pakutha pa raundi iliyonse ndidzachotsa njere imodzi, ndipo yomaliza ikachoka denga lidzagwa.

Njira yowerengera nthawi poyera chotere inafala kwambiri ndi masewera otchedwa Blades in the Dark, amene John Harper anatulutsa mu 2017, momwe amajambula bwalo logawidwa zigawo 4, 6 kapena 8 n'kumadetsa chigawo chimodzi ngozi ikayandikira. Njere kapena zitsekerero zimaposa chojambula pa chinthu chimodzi: zimalira zikagwera m'mbale yachitsulo, ndipo kulira kumeneko kunkachititsa anthu kukhala tsonga kuposa nyimbo iliyonse imene ndinaikapo.

Pali zinthu zimene zimapha njira imeneyi, ndipo zonse ndinalakwitsapo. Wotchi yotere, kaya ya njere kapena yojambula, ikabisika siopseza, chifukwa munthu sangade nkhawa ndi ngozi imene sakuiona ikubwera, choncho musaisunge kuseri kwa mapepala anu poganiza kuti mudzawadzidzimutsa. Wotchi yotalika kwambiri ilibe mano. Ngati nkhondo zanu zimatha m'maraundi 4, njere 10 sizikakamiza aliyense kusankha. Cholinga chachiwiricho chifune manja enieni, monga kuti chitseko chothinidwa ndi mitanda chifunika anthu awiri apambane pochikankha, kuti amene wapita kukapulumutsa akapolo asowedi kumbali ya nduna. Ndipo choopsa kwambiri ndi wotchi yonama. Njere yomaliza ikagwa, chimene munalonjeza chichitike, apo ayi osewera adzadziwa kuti njere zanu n'zoseweretsa ndipo sadzaziopanso. N'chifukwa chake muyenera kusankhiratu chilango chimene mtima wanu ungathe kuchipereka ndiponso chimene nthano ingapitirire nacho: mwina denga ligwa koma ena apulumuka atavulala, mwina mudzi wonse udzakumbukira amene anachedwa.

Pa nkhani yogwiritsa ntchito abale a atengambali, muyambe mwafunsa. Pali osewera amene amakondwa nazo kwambiri, koma pali ena amene anataya mbale wawo posachedwapa m'moyo weniweni, ndipo kuwaonetsa mchemwali ali m'nyumba yoyaka kungakhale kuwatsegula bala. Funso limodzi lofunsidwa pambali, masiku angapo nkhondo isanafike, limateteza ubwenzi umene ndi wofunika kuposa nthano.

Bwalo la nkhondo ndi lathyathyathya ndipo silisintha

Mapu ambiri amene timajambula kuseri kwa kalendala yakale amakhala chipinda cha ngodya zinayi chopanda kanthu, ndipo pabwalo lotere anthu amathamangirana, n'kuima malo amodzi mpaka wina agwe. Ikanipo zinthu zitatu kapena zinayi zimene munthu angagwiritse ntchito, ndipo muzitchule pachiyambi kuti onse azidziwe: chulu chobisalirapo, nsanja yofooka miyendo, migolo ya mafuta, dambo loterera. Malamulo alipo kale othandiza zimenezi. Kubisala theka la thupi kumawonjezera 2 pa Armor Class (nambala imene wolasa ayenera kuifikira kuti asaphonye), kubisala magawo atatu mwa anayi kumawonjezera 5, malo ovuta kuyendamo amadya mayendedwe owirikiza kawiri, utsi wochindikala umachititsa munthu kukhala ngati wakhungu, ndipo kugwa kumavulaza dayisi imodzi ya mbali 6 pa mafiti 10 alionse, osapitirira madayisi 20. Wosewera akayesa chinthu cholimba mtima ndi zinthu zimenezi, monga kudula chingwe kuti nsanja igwere asilikali, muonetsetse kuti chavulaza mokwanira, chifukwa ngati kudula chingwe kuvulaza pang'ono kuposa kungotema ndi lupanga, palibe amene adzayesenso.

Bwalolo lisinthe kamodzi kapena kawiri nkhondo ili mkati. Malo abwino osinthira ndi pamene mdani wafika theka la mapointi ake, chimene malamulo a mu 2008 ankachitcha bloodied ndipo a mu 2024 anachibwezeretsa. Pamenepo mphepo itembenuke n'kukankhira moto pakati pa bwalo, kapena mdani ataye chishango n'kuyamba kumenya ngati munthu amene alibenso chosunga. Chachikulu chimene akufuna kuchita muchionetseretu raundi imodzi chisanachitike, mwachitsanzo kuti wakweza nkhwangwa pamwamba pa chingwe cha ulalo, kuti osewera akhale ndi mpata wochita mantha ndiponso wochitapo kanthu.

Mawu a wotsogolera asanduka a mphunzitsi wa masamu

Ife amene tinakula tikumvera nthano madzulo tili ndi mwayi umene sitiugwiritsa ntchito mokwanira. Agogo akati "Padangokhala," ife tinkayankha "Tili tonse," ndipo kuyankha kumeneko sikunali mwambo chabe, kunali chingwe chimene chinkatimanga m'nthanomo kuti tisagone. Wokamba waluso sankafotokoza chilichonse mofanana. Ankathamanga pamene kalulu akuthamanga, ankatsitsa mawu fisi akayandikira, ndipo ankadziwa kuima kaye pamene mitima yathu inali m'mwamba. Nkhondo ya patebulo imafuna luso lomweli.

Chothandiza kwambiri chimene ndinaphunzira ndi kumanga mpata wa wina ndi wa mnzake m'chiganizo chimodzi. M'malo monena kuti "waphonya, wotsatira," ndimanena chimene changochitika, ndimachilozetsa kwa amene akubwera, kenako ndimafunsa. Ndingati: "Achimwene, nthungo yawaphonya alamu anu n'kubaya chitseko chimene mwagwiracho, ndipo utsi wayamba kutulukira kunsi kwake, mutani?" Chiganizo chotere chimatenga masekondi ochepa, koma chimachititsa wosewera kulowa mumpata wake ali kale pamoto. Musafotokoze nkhonya iliyonse ndi ndime yathunthu, chifukwa mudzabwezeretsa vuto la kutalika lija. Sankhani chinthu chimodzi chimene thupi limamva, monga fungo la udzu wopsa, phulusa lolowa m'maso kapena chigwiriro cha lupanga choterera ndi thukuta, ndipo mawu ochuluka muwasungire pamene dayisi yagwa pa 20, nambala yake yaikulu koposa, pamene wina wagwa, ndi pamene bwalo lasintha.

Mdani alankhule, koma pang'onopang'ono. Mawu aatali amene ndinalemba aja palibe anawamvetsera, chifukwa osewera ankangodikira kuti ndimalize aponye mivi. Tsopano ndimakonza ziganizo zisanu zazifupi, chimodzi cha mtengambali aliyense, chokhudza chimene munthuyo anachita m'mbuyomu, ndipo mdani amachinena pamene akukanthana naye. Nduna ija inangouza wankhondo wathu kuti bambo ake anagwada asanafe, ndipo wosewerayo, amene nthawi zonse amawerengera mosamala, anasiya pobisalira n'kuthamangira ku ulalo.

Mtengambali akagwa pa 0, musalole kuti madayisi a imfa aponyedwe mwachisawawa pakona ya tebulo. Lamulo lake lili kale ndi mantha okwanira: 10 kapena kuposa ndi kupambana, kupambana katatu munthu wakhazikika, kulephera katatu wafa, 1 amawerengedwa ngati kulephera kuwiri, ndipo 20 amamudzutsa ndi pointi imodzi. Mbali 11 zokha mwa 20 ndizo zili kumbali yake. Imitsani zonse, dayisi iponyedwe pakati pa tebulo onse akuona, ndipo musanaiponyetse mufunse mwini wake chimene mtengambali wake akukumbukira ali chigonere pamenepo.

Nyimbo, ng'oma ndi nyale

Zonse zapamwambazi zikakhala m'malo, mchere uja ungathiridwe tsopano. Nyimbo zikhale zopanda mawu, chifukwa khutu limatsata mawu oimbidwa n'kusiya wolankhula, ndipo zikhale pansi pa liwu lanu moti simukufunika kukuwa. Zitatu n'zokwanira: yodekha yoyambira, yothamanga ya pakati, ndi ina ya pamene bwalo lasintha. Zitsitsireni pafoni pasadakhale m'malo modalira intaneti, popeza netiweki ikadukiza kapena chotsatsa malonda chikalowerera pamene wina akuponya dayisi ya imfa, zonse zimene munamanga zimagwa. Ndipo muzimitse netiweki ya foniyo kuti isaitane. Ngati palibe sipika, foni yoikidwa m'kapu kapena m'poto wopanda kanthu imamveka mokulirapo. Ine masiku ano ndimadalira kwambiri kang'oma kakang'ono, kamene ndimakagunda kamodzi njere ikamachoka. Chida champhamvu kuposa zonse ndi kuzimitsa nyimbo mwadzidzidzi, ndipo chigwiritsidwe ntchito kamodzi kokha pankhondo yonse.

M'miyezi ya mvula, denga la malata limameza mawu onse. Musalimbane nalo, zimitsani nyimbo, anthu asendere pafupi, ndipo mvulayo muilowetse m'nthano kuti imene ikugwa panja ikhale yomweyo imene ikunyowetsa atengambali.

Za kuwala, lamulo ndi lakuti aliyense athe kuwerenga dayisi ndi pepala lake popanda kutsinzinira. Nyale imodzi ya sola yopachikidwa pamwamba pa tebulo, kwina konse kuli mdima, imapanga bwalo la kuwala limene limakokera maso pamapu, ndipo magetsi akazima masewera sasokonekera. Makandulo ndi koloboyi ndinazisiya, chifukwa patebulo pamakhala mapepala ambiri ndi manja othamanga. Pali chifukwa chinanso chimene sitiyenera kuchinyalanyaza: anthu atazungulira makandulo usiku, ng'oma ikulira, akutchula za matsenga, angamveke molakwika kwa anansi amene sadziwa kuti imeneyi ndi nthano yoseweredwa ndi madayisi. Sewerani poonekera, ndipo akuluakulu a pakhomo muwafotokozere chimene mukuchita. Chimodzimodzinso, pofuna kuopseza osewera musatenge zinyawu, nyimbo kapena kaimbidwe ka ng'oma za Gule Wamkulu n'kuzipatsa mdani wanu. Zimenezo zili ndi eni ake ndi malo ake, ndipo mwina ena mwa amene mwakhala nawo patebulo ndi olowa, amene sangakuuzeni pomwepo kuti mwawalakwira.

Nthawi yoyambira nayonso ndi mbali ya zokometsera. Nkhondo ya pachimake isayambe dzuwa litapendeka, pamene wokhala kutali wayamba kale kuganiza za ulendo. Ndi bwino kutseka tsiku lapitalo osewera ataima pachipata cha linga, kuti akhale sabata yonse akulingalira, ndipo Loweruka lotsatira muyambe ndi nkhondoyo anthu atadya kale.

Madayisi akakana kutsata zimene munakonza

Nthawi zina mudzachita zonse bwino koma wankhondo adzaponya 20 kawiri motsatizana, mdani n'kugwa raundi yachiwiri. Chiyeso chimakhala chowonjezera mapointi mobisa. Ine ndimakana, chifukwa osewera akangozindikira kamodzi kuti mdani amafa pamene wotsogolera wafuna, dayisi iliyonse imene adzaponye pambuyo pake idzakhala yopanda tanthauzo. Ngati munaika cholinga chachiwiri, kugwa msanga kwa mdani sikuthetsa nkhondo, popeza denga likuyakabe ndipo njere zikuchokabe. Zikatembenuka kuti gulu ndilo likugonja, konzeranitu njira zina zogonjera kupatula imfa ya onse: kugwidwa ukapolo, kuthawa atasiya chinthu chamtengo wapatali, kapena mdani kupereka pangano lowawa kwa womaliza amene waima.

Nkhonya yomaliza si yanu. Mapointi a mdani akatha, musalengeze nambala. Yang'anani wosewerayo, zimitsani nyimbo, mumuuze kuti afotokoze yekha momwe zathera, ndipo mumupatse nthawi ngakhale achite chibwibwi. Pambuyo pake musathamangire kugawa chuma, koma muzungulire tebulo kufunsa aliyense chimene mtengambali wake akuchita m'mphindi yoyamba ya bata.

Pankhondo ya palinga ija sipanakhale nkhonya yomaliza. Njere zitatsala ziwiri, wankhondo anali atafika kale pa ulalo, nduna itatsala ndi mapointi ochepa moti kulasa kumodzi kukanaimaliza, koma amene ankakankha chitseko anali atalephera kawiri ndipo anafunika dzanja lina lamphamvu. Wosewerayo anagwira dayisi nthawi yaitali osaponya, kenako anaiika pansi, nasuntha chitsekerero chake kubwerera kumadzulo kwa mapu. Chitseko chinathyoka njere itatsala imodzi, akapolo anatuluka akutsokomola, ndipo nduna inawoloka ndi ndodo ya ufumu n'kugwetsa ulalo m'phompho. Nditafunsa chimene aliyense akuchita, mwini mchemwali uja anati mtengambali wake wagwada m'phulusa akupukuta nkhope ya mlongo wake ndi nsalu yonyowa, ndipo wankhondo anati iye waima m'mphepete mwa phompho, akuwerenga miuni ya asilikali a nduna pamene ikutsika phiri kulowera kumpoto.